Malita 27

Bolodi langa loyamba ndinaligula ndi maso. Linali litatsamira pakhoma m'galaja ya mayi ena amene ndinkawatchetchera kapinga Loweruka lililonse, chakumtunda kwa Muizenberg. Linali loyera, losongoka kumutu ngati usipa, lopepuka moti ndinalitukula ndi dzanja limodzi. Mwini wake, mwana wa mayiwo, anali atapita kunja, ndipo iwo anati chinthucho chikungodya malo. Tinapangana kuti ndigwire masiku anayi osalandira kanthu, ndilitenge. Ndalama ya masiku anayi amenewo ndi imene ndinkatumiza kwa amayi anga ku Centenary pakutha pa mwezi. Mwezi umenewo ndinawauza kuti ganyu yavuta.

Kumimba kwa bolodilo, motsatira kamzere ka thabwa kamene kamadutsa pakati, kunali manambala olembedwa ndi pensulo: 5'10", kenako ena awiri a m'lifupi ndi kukhuthala kwake, ndipo pomalizira 27 L. Ndinawaona koma sindinafunse. Akulu anati safunsa anadya phula. Ine phulalo ndinakagula ndekha kusitolo, poti pamwamba pa bolodi amapakapo phula kuti mapazi asaterereke.

Kwa inu amene simunaonepo masewerawa, amayenda motere. Chinthucho eni ake amachitcha surfboard, ife timangoti bolodi. Munthu amagonapo chafufumimba n'kupalasa ndi manja mpaka kuseri kwa malo amene mafunde akuswekera. Akaona funde likudzuka, amatembenukira kumtunda n'kupalasa mwamphamvu kuti liwiro lake liyandikire la fundelo. Likamunyamula, amadzuka kamodzin'kamodzi, n'kuimirira, n'kutsetsereka nalo. Kuimirirako kumatenga masekondi owerengeka. Nthawi yotsalayo ndi ya kupalasa ndi kudikira, koma zimenezi amene akuonerera ali pamchenga sazidziwa. Ine ndinaonerera zaka zisanu ndi zinayi, kuchokera pakhomo la kuseri la khitchini imene ndinkatsukamo mbale pafupi ndi Surfers' Corner, ndipo sindinazidziwe.

Chimene ndinkaona n'chakuti m'madzimo muli mitundu iwiri ya anthu. Ena anali ndi timabolodi tosongoka, tokwana m'khwapa, ndipo ankang'amba funde ngati nsalu. Ena anali ndi zimabolodi za thovu, zazitali kuposa chitseko, ndipo ntchito yawo inali kugwa: alendo ochokera ku Ulaya, ana a sukulu, mabanja apatchuthi. Chaka chimenecho, 2018, Mikey February wa ku Cape Town konkuno anali akupikisana ndi akatswiri a dziko lonse, munthu woyamba wakuda wa ku South Africa kufika pamenepo, ndipo chithunzi chake ndinali nacho mufoni. Ine ndinali ndi zaka 37, bambo wa ana awiri. Ndinadziuza kuti ngati ndilowe m'madzi amenewa, sindilowa ndi matiresi.

Munthu wa ku Centenary alibe chifukwa chodziwira za mafunde. Kwathuko ndi kumtunda, kumpoto kwa Harare, dziko la mafamu a fodya, ndipo ukapitirira pang'ono umafika pa mapiri a Mavuradonha pomwe msewu umatsikira ku Muzarabani. Dzina la Centenary linaperekedwa pokumbukira kuti mu 1953 panali patatha zaka 100 Cecil Rhodes atabadwa. Ndinaseka ndekha tsiku limene ndinamva kuti munthu yemweyo anafera kuno ku Muizenberg mu 1902, m'kanyumba kamene kakadalipo m'mbali mwa msewu waukulu. Ndimakadutsa ndikamapita kuganyu.

Madzi amene tinkawadziwa anali a m'damu la pafamu, lothirira nazale ya fodya. Ana a m'komboni tonse tinaphunzira kusambira mmenemo, ndipo mphunzitsi wathu anali chigubu. Unkatenga chigubu chopanda kanthu, kutseka chivindikiro bwinobwino, kuchikumbatira, n'kumamenya madzi ndi miyendo. Ana aang'ono ankatenga cha malita 5. Akuluakulu ankalimbirana cha malita 20, ndipo panali mpikisano woona amene angachimize n'kukhala nacho pansi. Panalibe amene ankapambana. Chinkakuvuuka m'manja n'kukumenya chibwano. Ine ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu ndinaba cha malita 20 cha mkulu wanga, poganiza kuti chachikulu ndiye chabwino. Manja anga sanachizungulire. Chinagubuduka, ine pansi icho pamwamba, ndipo ndinamwa madzi a matope mpaka mkulu wanga anandikoka ndi kabudula.

Madzulo ake agogo aamuna sanandikalipire. Iwo anali a ku Nkhotakota. Anabwera ku Rhodesia m'zaka za m'ma 1950 podzera ku Tete, akuti adzagwire zaka ziwiri agule njinga ndi ukonde, koma anakalambira m'mabalani a fodya, mchona ngati anzawo ambiri a m'komboni mwathu. Nyanja sanaionenso. Koma akayamba kunena za bwato, mawu awo ankasintha.

"Iwe mdzukulu," anatero, "kwathu wosema bwato amayamba wayang'ana munthu asanapite kukayang'ana mtengo. Amaona msinkhu wako, amafunsa ngati uzikwera wekha kapena awiri, ngati uziwedza m'mbali kapena uzipita kutali usiku ku usipa. Bwato ukachepa kwa munthu wolemera, umamwa madzi. Ukakula kwa mwana, mwera umamulanda. Nanga iwe chigubu chija anakuyesa ndani?"

Mawu amenewa ndinali nawo m'mutu zaka zonsezi, monga mmene munthu amasungira kiyi wa nyumba imene inagwa kale. Sindinaganize kuti akukhudza chinthu choyera chija cha m'galaja.

Miyezi isanu ndi iwiri ndinalimbana nalo. Ndinkapita m'mamawa ntchito isanayambe, nditavala wetsuit yakale imene inkalowa madzi pamsana. Ndikakhala pa bolodilo, madzi ankandifika m'chifuwa, pamene anzanga a zimabolodi zazikulu ankawafika m'chiuno. Ndikagona kuti ndipalase, miyendo inkalendewera pansi ngati ndikukoka thumba la chimanga. Ndinkapalasa mpaka mapewa kuyaka moto, funde n'kubwera, kundikweza pang'ono, n'kudutsa pansi panga kupita kukanyamula mwana wa sukulu amene ali kutsogolo kwanga. Ndikati ndisunthire pamene likuswekera, linkandigwetsa chamutu. Pa miyezi yonseyo sindinaimirire ngakhale kamodzi kwa nthawi yoti munthu n'kuwerenga mpaka zitatu. Ndinaimba mlandu msinkhu wanga, mphepo, ndi kuti ndinabadwira kutali ndi nyanja. Bolodi lokha ndi limene sindinalikayikire.

Pamwamba pa Muizenberg, m'mbali mwa phiri, pamakhala anthu a Shark Spotters, amene kuyambira mu 2004 amayang'ana m'madzi ngati muli shaki. Akaiona amaliza sayirini n'kukweza mbendera yoyera yokhala ndi chithunzi cha shaki yakuda, ndipo aliyense amayenera kutuluka. M'mawa wina mu Novembala sayirini inalira ine ndili kutali, nditatha kale ola lathunthu ndikupalasa pachabe. Anthu onse anatembenuka. Azimabolodi zazikulu anangopalasa kawiri katatu, thovu la funde n'kuwatengera kumtunda. Akatswiri a timabolodi tating'ono anakwera funde loyamba limene linabwera. Ndinatsala ndekha. Manja anali atafa, ndipo miyendo yanga yonse inali m'madzi, kumene kunali chinthu chimene sindinkachiona. Ndinaganiza za ana anga. Ndinaganizanso, zopusa zake, za ndalama ija ya amayi.

Mdala wina wa imvi, amene ndinkamuona masiku onse pa bolodi lalitali, anabwerera. Sanalankhule zambiri. Anandiuza kuti ndigwire chingwe cha kumwendo kwake, n'kundikoka mpaka pamene mapazi anga anagunda mchenga. Titatuluka anatenga bolodi langa, kulitembenuza, n'kuwerenga manambala aja.

"M'bale wanga, ukulemera makilo angati?"

"Kaya, bambo. Mwina 80."

"Unayamba liti?"

Ndinawauza. Anagwedeza mutu ngati dokotala amene wapeza matenda osavuta.

"Vuto si iwe. Bolodi ili ndi la munthu amene watha zaka khumi m'madzi. Ukakhala woyamba kumene, ndiye ukhale mwana wa makilo 30. Iwe suli mmodzi wa awiriwa."

Anagwada n'kulemba pamchenga ndi chala, ndipo zimene analembazo ndi zimene ndakhala ndikuuza aliyense wondifunsa. L uja ndi malita, malita omwewo a chigubu. Ndi kuchuluka kwa malo amene bolodi limatenga, ngati mutalimiza lonse m'diramu lodzaza n'kuyeza madzi amene atayika. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, ndipo ya madzi a mchere imaposa pang'ono chabe. Choncho bolodi la malita 27 limatha kunyamula makilo pafupifupi 27, kuchotsapo kulemera kwa ilo lomwe. Madzulo ake ndinakwera pasikelo yoyezera katundu kukhitchini: makilo 82. Ndiye kuti gawo lalikulu la thupi langa linkakhala m'madzi, likukoka. Archimedes anazifotokoza zimenezi zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo ife tinkazimva pachibwano m'damu la pafamu.

Muyeso umene osewera ambiri amayambira ndi uwu. Woyamba kumene atenge malita ofanana ndi makilo ake, ngakhale kuposerapo. Amene wayamba kukwera mafunde osasweka ndi kukhota atha kutsika kufika cha pa theka la makilo ake. Akatswiri amasewera ndi malita pafupifupi 35 kapena 40 pa makilo 100 aliwonse. Kwa ine wa makilo 82, ndiye kuti malita 80 ndi kanthu poyamba, 45 kapena 50 patsogolo, ndipo cha m'ma 30 ngati ndikanabadwanso. Ine ndinali ndi 27. Ndinayambira pamene ngakhale katswiri wa thupi langa akanadandaula.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti amaganiza kuti malita ndi othandiza kuima osagwa basi. Amathandizadi, koma ntchito yawo yaikulu imachitika munthu asanaime. Bolodi limene lakutukula pamwamba pa madzi limathamanga ukapalasa, ndipo ukathamanga umalowa m'funde msanga, lisanawongoke, likadali ngati chitunda chotsetsereka pang'onopang'ono. Pamenepo umakhala ndi nthawi yodzuka. Wa bolodi laling'ono alibe liwiro limenelo, choncho amayenera kudikira pamalo enieni pamene funde laima chilili, pafupi kugwa, n'kudzuka m'kuphethira kwa diso. Katswiri amavomera zimenezi chifukwa akufuna zina: kuti athe kukwirira m'mphepete mwa bolodi m'madzi pokhota, ndi kuti polowa athe kulimiza n'kudutsa pansi pa funde ngati bakha. Amagula kukhota ndi mphamvu ya mapewa ake. Ine ndinalipira mtengo womwewo, katundu osatenga.

Ndipo pali masamu ena amene mdalayo sanalembe koma ananena. Munthu amene akukwera mafunde khumi ndi asanu pa ola amaphunzira. Amene akukwera awiri amangotopa. Ana a sukulu aja ndinkawaseka anali ataima kambirimbiri pa sabata imodzi kuposa ine pa miyezi isanu ndi iwiri.

Sindikufuna kuti wina atenge manambalawa ngati malamulo a Mose. Mabolodi awiri a malita ofanana atha kukhala osiyana kutali: lina lalitali ndi lopyapyala, lina lalifupi ndi lonenepa ngati mbatata, ndipo kwa wophunzira lalitali ndi lotambalala ndi limene limakhululuka. Malo nawonso ali ndi mawu. Pa Muizenberg mchenga wa pansi umatsika pang'onopang'ono, mafunde ake ndi aulesi, ndipo amafuna malita ambiri kuposa mafunde a pamiyala amene amadzuka mwadzidzidzi. Wetsuit yonyowa imawonjezera kulemera. Wopita kunyanja kamodzi pa mwezi sangafanane ndi wopita tsiku lililonse. Ndiponso kulemba malita pa bolodi ndi kwa posachedwa, kunafala osema atayamba kujambula mabolodi pa kompyuta. Mdala uja anati m'nthawi yawo ankangoliika m'khwapa n'kumva. Iwo anaphunzirira ku Strandfontein, chifukwa gombe la Muizenberg linali la azungu okha. Lamulo losiyanitsa malo otere linakhazikitsidwa mu 1953 ndipo linathetsedwa mu 1990. Anati ali mnyamata ankasewera ndi kabolodi ngati kanga. Tsopano, atapitirira zaka 60, anali atabwerera pa malita 70, ndipo ankanena zimenezi popanda manyazi, ngati munthu amene akukuuza saizi ya nsapato.

Manyaziwo ndi amene anali nkhani yanga yeniyeni. Ndinagulitsa kabolodi kaja kwa mnyamata wina amene kankamuyenera, n'kugula la thovu, lakale, la mafiti 8, malita 84. Kulinyamula kuchokera ku Capricorn, kumene timakhala Amalawi ndi Mazimbabwe ambiri, inali ntchito payokha. M'minibasi silikwana. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikawomba, imene agogo akanaitcha mwera, limasanduka tanga n'kumakuzunguza mumsewu. Anyamata a pa shopu sanachedwe.

"Achimwene, matiresiwo mukukagona nawo kunyanja?"

"Ayi, akukachapa."

Tsiku loyamba lomwelo, pa funde lachitatu, ndinapalasa kanayi ndipo ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo: kumbuyo kwa bolodi kunatukuka, manja anga anasiya kukhala ndi ntchito, madzi anayamba kulira pansi panga. Ndinadzuka mochedwa, mokhota, matako m'mwamba, koma bolodilo linandidikira. Ndinapita nalo mpaka pamene zipsepse zake zinakhudza mchenga, moyang'anizana ndi tinyumba tamitundumitundu tija ta pagombe. Panalibe amene anaombera m'manja. Mayi wina amene ankayenda ndi galu anangondilambalala. Ndinakhala pansi m'madzi ofika m'mawondo ndipo ndinapezeka ndikulankhula ndekha Chichewa cha agogo, chosasakaniza ndi Chishona, chimene sindinkadziwa kuti ndikadali nacho.

Bolodi lalikulu nalo lili ndi msonkho wake. Sungalimize, monga chigubu chija, choncho funde losweka likamabwera umagudubuka chagada n'kulikumbatira, madzi adutse pamwamba. Mafunde akakula limakukoka mwendo ngati ng'ombe yolusa, ndipo ukalitaya likhoza kuvulaza amene ali kumbuyo kwako. Kukhota nalo kuli ngati kutembenuza ngolo. Patatha chaka ndi miyezi ingapo ndinayamba kumva kuti likundichedwetsa pamene thupi langa ladziwa kale kopita. Apo m'pamene ndinatsika kupita pa la mafiti 7 ndi mainchesi 2, malita 52. Sindinatsike chifukwa cha anyamata a pa shopu, ngakhale sindinganame kuti sindinasangalale atasiya kunena za matiresi.

Kenako mu Malichi 2020 magombe anatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Miyezi imeneyo ndinakhala m'nyumba, kudya nsima, kudandaula za lendi. Nditabwerera m'madzi ndinali ndi makilo 88 ndi mapewa a munthu wa muofesi. Bolodi linali lomwelo, nambala yomweyo yolembedwa kumimba kwake, koma mafunde anayambanso kudutsa pansi panga. Ndinatulutsa matiresi aja kuseri kwa nyumba, kuwapukuta fumbi, n'kuyambiranso. Nthawi imeneyi sizinandipweteke kwambiri.

Amayi ndinawauza zoona patapita zaka zitatu, nditapita kukawaona. Famu ija inasintha manja pambuyo pa chaka cha 2000, mabalani ena anagwa, koma iwo akadali m'komboni momwemo, ndipo damu likadalipo. Ndinapeza ana akusambira ndi zigubu za mafuta ophikira. Ndinawaonetsa amayi kanema wa mufoni, ine nditaima pafunde, n'kuwafotokozera za mwezi uja ndinati ganyu yavuta. Anaonera kawiri, foni ataiyandikitsa kumaso.

"Ndiye chimenechi chimagwira nsomba?"

"Ayi, amayi."

"Nanga ukafika kumtundako umatani?"

"Ndimabwereranso."

Anakhala chete, kenako anati agogo ako akanakhala moyo akanafuna kudziwa kuti ndi mtengo wanji. Za ndalamayo sananenepo kanthu, koma pondiperekeza anandikumbutsa kuti denga likudontha.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi, wa zaka 11, anati akufuna kuphunzira. Ndinasangalala, ndipo popeza tsopano ndine wodziwa za malita, ndinamupatsa matiresi anga a malita 84 n'kumuuza kuti malita sachuluka kwa woyamba. Iye ali ndi makilo 38. Kuchokera pamsewu kufika m'madzi anagwa nalo kawiri. Atagonapo, manja ake sanafike bwino m'madzi chifukwa cha kutambalala kwake, ankangopalasa ndi nsonga za zala. Kamphepo kochepa kanamutembenuza n'kuyamba kumutengera chammbali, ndipo ndinathamanga m'madzi kukagwira chingwe. Atatsika anandiyang'ana, madzi akutsika m'mphuno.

"Adadi, chimenechi ndi chanu. Changa chili kuti?"

Tikufunafuna la thovu la mafiti 6 ndi theka kapena 7, la malita a m'ma 40 kapena 50, logwiritsidwa kale ntchito, la mtengo woti denga la ku Centenary lisaimenso. Loweruka lapitali tinalowa m'sitolo ina kukangoona. Ine ndinali kutembenuza mabolodi n'kumawerenga manambala. Nditacheuka ndinamupeza ali kungodya, atanyamula kena koyera, kosongoka, m'khwapa, akudziyang'ana pagalasi.